Lipoti: Chithunzi cha ngolo mumtsinje chimene chinali ndi dzina la John Constable

Chithunzichi chinabwera ndi mafunso awiri. Mwini wake, mayi wachikulire amene anachilandira kuchokera kwa agogo ake aamuna, ankafuna kudziwa ngati chingayeretsedwe, chifukwa chinali chitada moti mitengo ndi nyumba zinkangooneka ngati mdima umodzi. Funso lachiwiri linali lokhudza dzina lolembedwa pakona yam'munsi kumanzere: John Constable. M'banja mwawo nkhani inkayenda yoti agogowo anagula chithunzi cha katswiri wamkulu wa ku England, ndipo adzukulu anali atayamba kale kuwerengera ndalama.

Ntchito yanga ndi yokonza ndi kusamalira zithunzi zojambula ndi utoto wa mafuta. Lipotili ndalilembera anzanga a ntchitoyi komanso aliyense amene ali ndi chithunzi chakale pakhoma chokhala ndi dzina lalikulu.

Mmene chinalili pofika

Ndi chithunzi cha utoto wa mafuta pansalu, masentimita 91 m'litali ndi 61 m'lifupi. Munthu wodziwa zojambula za ku Ulaya sangachedwe kuchizindikira: ngolo yopanda katundu ili pakati pa madzi osaya, mahatchi akuikoka, kumanzere kuli nyumba ya denga lofiirira pansi pa mitengo italiitali, galu waima m'mbali mwa madzi, ndipo kumanja dambo lafalikira mpaka kutali. Awa ndi maonekedwe a The Hay Wain, chithunzi chimene Constable anajambula mu 1821.

Vanishi, mankhwala oonekera mkati amene amapakidwa pamwamba pa utoto kuti auteteze, anali atasanduka wachikasu chakuda, ndipo pamwamba pake panali mwaye ndi phula la utsi wa fodya. Kumwamba kumanja kunali pong'ambika pa masentimita 4. Pakona yam'munsi kumanja utoto unali ukutukuka tizidutswatizidutswa, ndipo kuseri kwa malo omwewo nsalu inali ndi banga la madzi ndi nguwi youma. Zikuoneka kuti chinakhalitsa chitatsamira khoma lachinyontho. Nsalu inali yolendewera chifukwa timitengo tokungira tiwiri tinali titagwa m'makona.

The Hay Wain yeniyeni ili ku National Gallery, nyumba yosungira zithunzi ku London, kuyambira 1886, pamene Henry Vaughan anaipereka kumeneko, ndipo ndi yaikulu kuposa iyi kawiri: masentimita pafupifupi 130 ndi 185. Kotero funso silinali loti kodi ichi ndi chithunzi chotchukacho. Funso linali loti kodi chingakhale chimodzi mwa zoyeserera za Constable mwini, kapena cha munthu wa m'nyumba mwake, kapena cha munthu wina amene anangokopera. Funsoli si lachibwana. Zithunzi zina zimene kwa zaka zambiri anthu ankati ndi za John Constable zinadzapezeka kuti zinali za mwana wake Lionel, ndipo panalinso ojambula a nthawi yake, monga Frederick Waters Watts, amene ankatsanzira kajambulidwe kake mwaluso ndithu.

Munthu amene dzina lake linali pakonapo

Ena amaona ngati mbiri ya wojambula ndi zokometsera lipoti chabe. Kwa ine mbiri ndi chida, chimodzimodzi ndi nyali kapena galasi lokulitsira. Ukadziwa kumene munthu anakulira ndi chimene ankayang'ana tsiku ndi tsiku, umadziwanso chimene dzanja lake silingachite.

John Constable anabadwa pa 11 June 1776 ku East Bergholt, m'chigawo cha Suffolk. Bambo ake, Golding Constable, anali wamalonda a tirigu ndipo anali ndi zigayo zoyendera madzi ku Flatford ndi ku Dedham, m'mphepete mwa mtsinje wa Stour, komanso chigayo choyendera mphepo. John atamaliza sukulu anagwirako ntchito pa bizinesi ya bambo akeyo, mpaka mng'ono wake Abram ndiye anadzaitenga. Mfundo iyi ndimaitsindika kwa aliyense amene ndikumuphunzitsa. Woyendetsa chigayo cha mphepo amadya chifukwa chodziwa kuwerenga kumwamba. Akapanda kuona msanga kuti mphepo yatembenuka kapena kuti namondwe akubwera, chigayo chimawonongeka. Constable anaphunzira mitambo ngati ntchito asanaiphunzire ngati luso.

Analowa sukulu ya Royal Academy, bungwe la akatswiri ojambula ku London, mu 1799, ali ndi zaka zoposa 20, ndipo anayamba kuonetsa zithunzi zake kumeneko mu 1802. Nthawi imeneyo ulemu unkapita kwa ojambula nkhani za mbiri yakale ndi nkhope za anthu olemera. Wojambula malo ankayembekezeredwa kupita ku Italy kapena kutsanzira akatswiri akale monga Claude Lorrain. Constable ankamulemekeza kwambiri Claude, ndipo anaona ntchito yake koyamba kudzera mwa Sir George Beaumont, munthu wolemera wosonkhanitsa zithunzi, koma iye sanatuluke mu England moyo wake wonse. Anakakamira timalo tochepa ta kwawo: mtsinje, zigayo, maboti onyamula katundu, minda, nsanja ya tchalitchi cha ku Dedham.

Kukakamira kumeneku kunamuchedwetsa. Anakwatira Maria Bicknell mu 1816 patapita zaka zambiri akuletsedwa, chifukwa agogo a Maria, amene anali m'busa wa ku East Bergholt, sankafuna kuti mdzukulu wawo akwatiwe ndi wojambula wosaoneka tsogolo lake. Royal Academy inamulandira ngati membala wothandizira mu 1819, chaka chimene anaonetsa The White Horse, choyamba mwa zithunzi zake zazikulu za mtsinje wa Stour. Umembala wathunthu anaupeza mu 1829 ali ndi zaka 52, patangopita miyezi yochepa Maria atamwalira ndi chifuwa chachikulu cha TB n'kumusiyira ana 7. Iye anamwalira pa 31 March 1837.

The Hay Wain anaijambulira m'chipinda chake chogwirira ntchito ku London, pogwiritsa ntchito tizithunzi timene anajambula ku Flatford zaka za m'mbuyo. Nyumba ya kumanzereyo inali ya mlimi wina dzina lake Willy Lott, ndipo ikadalipo mpaka pano. Asanayambe chithunzi chenichenicho anajambula kaye choyeserera chachikulu mofanana nacho, chimene tsopano chili ku Victoria and Albert Museum. Pa chionetsero cha 1821 palibe anachigula. Ulemu unachokera ku France: mu 1824 chinaonetsedwa ku Salon, chionetsero chachikulu cha zithunzi ku Paris, ndipo Constable analandira mendulo yagolide kuchokera kwa Mfumu Charles X.

Zimene kuunika kunaonetsa

Ndimayamba ndi kuseri, chifukwa wonama amalimbikira kutsogolo. Nsalu inali ya thonje, yolukidwa mofanana kwambiri ndi makina, pamene Constable ankajambula zithunzi zake zazikulu pa nsalu ya bafuta. Inalibenso nsalu yachiwiri yomatidwa kumbuyo, chinthu chimene zithunzi zambiri za zaka 200 zinachitidwa nthawi ina pofuna kuzilimbitsa. Izi zinandikayikitsa koma pazokha sizigamula mlandu, chifukwa nsalu ya thonje inaliko kale ndipo zithunzi zina zakale zinapulumuka osamatidwa.

Mu mdima, pansi pa nyali ya UV, imene kuwala kwake kumachititsa zinthu zina kuwala zokha, vanishi wachilengedwe wakale amawala mobiriwira, ndipo utoto wopakidwa pamwamba pake nthawi zambiri umaoneka wakuda. Chithunzi chonse chinawala mofanana, kupatula dzina lija. Zilembo zonse zinatuluka zakuda bii. Nditaziyang'ana ndi maikulosikopu, utoto wa chilembo C unali utatsikira mu mng'alu wa utoto wapansi n'kuumira momwemo. Dzina lolembedwa ndi wojambula mwini limang'aluka limodzi ndi chithunzi. Ili linalembedwa ming'alu itabadwa kale, ndiye kuti patapita zaka zambiri, ndi dzanja lina.

Kamera ya infrared, imene imatha kuona zimene zili pansi pa utoto, inaonetsa mizere ya pensulo pansi pa utoto, yogawa nsalu yonse m'timabokosi tofanana. Kugawa nsalu chonchi ndi njira yakale yosamutsira chithunzi, ndipo akatswiri ambiri ankaigwiritsa ntchito, kotero si tchimo. Chimene chinandiuza zambiri n'chakuti utoto unatsatira pensuloyo ndendende. Palibe nthambi imene inasunthidwa, palibe gudumu limene linakonzedwa. The Hay Wain yeniyeni ili ndi zipsera za munthu woganiza akugwira ntchito. M'choyeserera chachikulu chija muli munthu wokwera hatchi m'mbali mwa madzi pafupi ndi galu. M'chithunzi chomaliza Constable anamufufuta, ndipo chifukwa utoto wa mafuta umayamba kuonekera mkati ukamakalamba, mthunzi wa zimene anafufuta umaonekabe pamalopo. Chithunzi cha mayiwa chinalibe kukayika kulikonse. Wojambula wake ankadziwa mathero asanayambe.

Umboni womaliza unachokera ku labotale, kumene anapima utoto ndi makina a XRF, amene amasonyeza zitsulo zimene zili mu utoto popanda kudula kachidutswa. Utoto woyera wa nthawi ya Constable unali wa mtovu. M'mitambo ya chithunzichi munapezeka titaniyamu, ndipo utoto woyera wa titaniyamu unayamba kugulitsidwa cha m'ma 1920, Constable atagona m'manda zaka zoposa 80. Pano pamafunika kusamala. Titaniyamu akapezeka pamwamba pokha, akhoza kukhala wa munthu amene anakonza chithunzi pambuyo pake. Ndiye tinapimanso m'mphepete mwa nsalu, pamene pamapindikira kuseri kwa matabwa, pomwe pali utoto woyamba wokutira nsalu basi. Titaniyamu analinso pamenepo. Chithunzi sichingakhale chakale kuposa maziko ake.

Mitambo

Kunena zoona, makina anangotsimikizira zimene thambo la chithunzicho linali litanena kale.

Mu 1821 ndi 1822 Constable ankakwera ku Hampstead Heath, kumpoto kwa London, n'kumajambula mitambo yokhayokha ndi utoto wa mafuta papepala. Kuseri kwa zambiri mwa izo ankalemba tsiku, ola, kumene mphepo ikuchokera ndi mmene nyengo inalili. N'chifukwa chake mitambo yake imakhala ndi kulemera. Pansi pake pamakhala pophwatalala ndi pakuda chifukwa mitambo younjikana ngati imene ankajambulayo imayambira pa msinkhu umodzi. Pamwamba pake pamatukumuka n'kuwala mbali imene kuli dzuwa. Yakutali imapanikizana n'kuchepa mpaka kukafika kumene thambo limakumana ndi dziko. Ndipo chofunika koposa, zimene zikuchitika kumwamba zimaoneka pansi. Mu The Hay Wain dambo la kumanja lili ndi mizere yowala ndi mizere ya mthunzi chifukwa mitambo ikudutsa pamwamba pake. Ukhoza kunena kumene mphepo ikupita.

M'chithunzi cha mayiwa mtambo uliwonse unali pamalo ake oyenera, mpangidwe wake wolondola, koma unali ngati thonje lomata pansalu. Woyera unali wofanana kumwamba ndi kunsi. Wojambulayo anasalaza m'mbali mwa mtambo uliwonse ndi burashi yofewa mpaka zizindikiro za dzanja zinatha. Dambo analipaka chobiriwira chimodzi kuyambira kutsogolo mpaka kumapeto, ndiye kuti sanazindikire kuti mizere ija ndi mithunzi. Anakopera mtambo ndi munda ngati zinthu ziwiri zosadziwana.

Chimodzimodzinso madzi. Constable ankamwaza timadontho ta utoto woyera wokhuthala pamadzi ndi pamasamba kuti aonetse kunyezimira kwa chinthu chonyowa, ndipo pamene ankakula ankagwiritsa ntchito kwambiri mpeni wosakanizira utoto. Otsutsa a nthawi yake ankaseka timadonthoti n'kumati ndi chipale chofewa. Ankakondanso kuyamba pa nsalu yokutidwa ndi utoto wofiirira, n'kuusiya kuti uzisuzumira pakati pa zobiriwira, zimene zimachititsa masamba kuoneka amoyo. Apa maziko anali oyera mbee, ndipo madzi anali osalala ngati galasi.

Pali nkhani imene imanenedwa kawirikawiri yokhudza Constable ndi Beaumont. Beaumont ankakhulupirira kuti chithunzi chabwino cha malo chiyenera kukhala chofiirira ngati vayolini yakale. Constable anatenga vayolini n'kuigoneka pa kapinga kuti mkuluyo aone yekha kusiyana kwake. Ndinaikumbukira nkhaniyi nditayeretsa kachigawo koyamba ka mitengo, chifukwa pansi pa vanishi wachikasu uja mitengoyo inali yofiirirabe. Kufiirako kunali mu utoto momwe. Wokoperayo ayenera kuti ankayang'ana chithunzi chosindikizidwa pamakina chimene mitundu yake inali itathawa, n'kukhulupirira kuti chithunzi chakale chimayenera kuoneka choncho. Anamubwezera Constable mtundu womwe uja anaukana pa kapinga.

Komabe sindikufuna kumunyoza munthuyu. Anali wophunzitsidwa. Anayala utoto wopyapyala pansi ndi wamafuta ambiri pamwamba, monga mmene lamulo la ntchitoyi limanenera, ndipo n'chifukwa chake ming'alu yake ndi yaing'ono ndi yochepa. Mahatchi anawajambula bwino kuposa mmene okopera ambiri amachitira. Miyendo yalowa m'madzi mooneka kuti pansi pali nthaka. Galu ndiye wabwino koposa, moti ndikuganiza kuti nyama ndizo zinali ntchito yake yeniyeni. Ndipo sanalembe dzina la munthu wina. Kukopera zithunzi za akatswiri ndi njira yakale yophunzirira, ndipo palibe chinyengo mpaka wina atabwera ndi burashi yaing'ono n'kulemba dzina loti akagulitsire.

Kukambirana ndi mwini wake

Ndinawaonetsa mayiwo zithunzi za UV ndisananene chilichonse, kuti aone okha zilembo zakudazo. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti agogo ananamizidwa, bambo?"

Ndinayankha kuti, "Mayi, dzinali linalembedwa chithunzi chitakalamba kale. Amene anajambula ndi wina, amene analemba dzina ndi wina. Woyambayo sananame."

Panali chosankha chimene sindikanapanga ndekha. Dzinalo linali pamwamba pa vanishi amene ankayenera kuchotsedwa, ndipo kuchotsa vanishi kukanachotsanso dzinalo. Anzanga ena amati cholembedwa chilichonse, ngakhale chabodza, ndi mbali ya mbiri ya chinthu ndipo chiyenera kusiyidwa. Mfundoyi ndimaimva. Koma kulisiya kukanatanthauza kusiya chigamba cha vanishi wakuda pakona ya chithunzi choyera, komanso kusiya msampha woti mdzukulu wina adzagweremo kapena adzagwetseremo munthu wina. Ndinapereka maganizo oti tilijambule bwinobwino m'kuwala kwa masana, kwa UV ndi pa maikulosikopu, tisunge zithunzizo limodzi ndi lipoti, kenako tilichotse. Mayiwo anavomera ndipo anasaina.

Ntchito imene inachitika

Choyamba chinali kugwira utoto wotukuka uja usanagwe. Ndinalowetsa guluu wa nsomba wofunda pansi pa kachidutswa kalikonse ndi burashi yosongoka, n'kukanikiza pang'onopang'ono ndi kachitsulo kofunda kudzera pa pepala losamata. Chithunzi chimene utoto wake ukugwa sichiyeretsedwa. Thonje limatola tizidutswa n'kupita nato.

Nguwi ya kuseri ndinaichotsa youma, ndi burashi yofewa ndi makina opopa fumbi. Mwaye ndi phula la fodya zinachoka ndi thonje lonyowetsedwa pang'ono, lokulungidwa pa kamtengo, polizunguliza osati kupukuta. Ntchitoyi yokha inabwezeretsa nyumba ija, imene poyamba sinkaoneka n'komwe kuti ili ndi zenera.

Vanishi ndinayamba kumuyesa m'mphepete, pamalo obisika ndi fulemu, kuyambira ndi mankhwala osungunulira ofooka kwambiri n'kumakwera mpaka pamene anayamba kusungunuka. Pa thambo anachoka mosavuta. Pa mitengo ndinachepetsa mphamvu ya mankhwala, chifukwa mitundu yakuda ndi yofiirira imakhala yopyapyala ndipo imasungunuka msanga, makamaka pa chithunzi chimene sichinafike zaka 100 kapena changozipitirira kumene. Thonje lililonse ndinkaliyang'ana: lachikasu ndi vanishi, koma likangoonetsa kufiira kwa mtundu wina, uyenera kuima. M'malo awiri a mthunzi wakuya ndinasiya vanishi wopyapyala dala.

Pong'ambika paja ndinalumikiza ulusi ndi ulusi kuchokera kuseri, pansi pa maikulosikopu, m'malo momata chigamba. Chigamba chimakoka nsalu mosiyana ndi malo ozungulira ndipo pakapita zaka mpangidwe wake umatulukira kutsogolo. Mipata imene utoto unatayika ndinaidzaza ndi choko chosakaniza ndi guluu, n'kusalaza mpaka kufanana ndi pozungulira. Ndinapaka vanishi watsopano wopyapyala amene sachita chikasu msanga, kenako ndinabwezeretsa mtundu m'mipata yokhayo, ndi utoto wosungunuka mosavuta kuti wodzakonza m'tsogolo adzathe kuchotsa ntchito yanga popanda kukhudza ya wojambula. Sindinawonjezere kadontho ngakhale kamodzi koyera pamadzi, ngakhale dzanja linkayabwa. Chithunzichi ndi cha wokopera uja, ndipo madzi ake osalalawo ndi ake.

Timitengo tokungira tatsopano tinalowa m'makona n'kumangidwa kuti tisagwenso, ndipo kuseri ndinatsekako ndi bolodi loteteza ku fumbi ndi kugundidwa.

Mu lipoti la mwini wake chithunzichi ndachilemba motere: chokopera The Hay Wain ya John Constable, utoto wa mafuta pa nsalu ya thonje, chojambulidwa 1920 itadutsa, dzina lowonjezeredwa pambuyo pake linachotsedwa ndi chilolezo cha mwini. Kope la mawu amenewa ndalimata pa bolodi lakuseri kuti liziyenda ndi chithunzicho kulikonse kumene chingapite.

Ndawalangiza kuti achipachike pa khoma lamkati mwa nyumba, kutali ndi dzuwa, moto ndi nthunzi, pamalo pamene chinyezi cha mumpweya sichisinthasintha kwambiri. Pakati pa 45 ndi 55 peresenti ndi pabwino. Asachipukute ndi nsalu yonyowa kapena mafuta a mipando. Kona yam'munsi kumanja ija ndi imene ikufunika kuyang'aniridwa, chifukwa nsalu imene inanyowapo imapitiriza kufufuma ndi kukhwinyata kuposa malo ena. Ndidzaionanso ikatha nyengo imodzi yamvula, ndipo ngati utoto udzakhale utayambanso kutukuka, tidzaganizira zolimbitsa m'mphepete monse mwa nsaluyo.